Kuchoka pa object kupita ku XML ndi kubwereranso: kodi laibulale yake imasankhidwa bwanji?

Wolemba mapulogalamu akafunsa anzake kuti, "Ndili ndi ma object m'pulogalamu yanga, ndikufuna kuwalemba mu XML n'kumawawerenganso, nditenge laibulale iti?", amalandira mulu wa mayina. Wina amati JAXB, wina XStream, wina Jackson, wina n'kumuseka kuti XML ndi ya makedzana. Wofunsa uja amachoka mutu utazunguzika kuposa mmene anabwerera. Sikuti oyankhawo akunama ayi. Aliyense akutchula laibulale imene inamupulumutsa pa vuto lake, koma mavutowo ndi osiyana ngakhale amafotokozedwa ndi mawu amodzimodzi.

Laibulale pano ndi code yolembedwa kale ndi ena imene mumangoilowetsa m'pulogalamu yanu, ndipo object ndi kamtolo ka deta ka m'pulogalamuyo. Zitsanzo zambiri pano zichokera ku Java, poti n'kumene malaibulale otere anachulukirako, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito m'zinenero zina za makompyuta.

## XML n'chiyani, nanga bwanji ikadalipo?

XML ndi njira yolembera deta ngati malemba wamba, pomwe kachidutswa kalikonse kamakhala ndi dzina lake potsegula ndi potseka. Tiyerekeze kachipangizo koyeza kutentha kakutumiza zimene kapeza:

```
<muyeso siteshoni="A7">
  <tsiku>2024-03-09</tsiku>
  <kutentha>21.5</kutentha>
</muyeso>
```

Mayina ali pakati pa tizizindikiro tosongokato ndi ma tag. Tag yotsegula, yotseka ndi zonse za pakati pake pamodzi zimatchedwa element, ndipo `siteshoni="A7"` ndi attribute. Zili ngati mabokosi olowetsana, lina m'kati mwa linzake, lililonse lolembedwa dzina. Attribute ndiye kapepala komatidwa kunja kwa bokosi.

XML inabadwa kuchokera ku SGML, muyezo wa ISO wa 1986, umene unali wamphamvu koma wolemera kwambiri moti kulemba pulogalamu youmva wonse inali ntchito ya thukuta. Gulu la ku W3C (bungwe loika miyezo ya pa intaneti) lotsogozedwa ndi Jon Bosak wa ku Sun Microsystems linausadza n'kusiya zofunika zokha, ndipo XML 1.0 inavomerezedwa mu Febuluwale 1998. Pambuyo pake JSON, njira ina yolembera deta ngati malemba, inalanda malo ambiri pa intaneti chifukwa ndi yopepuka. Komabe XML inatsalira m'malo ovuta kuizula: mafailo a .docx ndi .xlsx m'kati mwake ndi XML yopanikizidwa mu zip, zithunzi za SVG ndi XML, chimodzimodzinso RSS, SOAP, SAML yolowera m'masisitimu a makampani, failo ya pom.xml ya Maven, ndi mauthenga a mabanki a ISO 20022. Anthu ambiri saisankha XML, amangoipeza ili kale pa ntchito imene apatsidwa.

## Serialization

Object ndi kamtolo ka deta kamene kamakhala m'memory pulogalamu ikamayenda, ndipo class ndi pulani imene kamtoloko kamangidwira. Pulogalamu ikazima, object imazimira nayo limodzi. Kuti isungike kapena ipite ku kompyuta ina, iyenera kusandutsidwa mzere wa zilembo. Ntchito imeneyi ndiyo serialization, ndipo kuibweza ndi deserialization. A ku JAXB amati marshalling ndi unmarshalling, koma nkhani ndi yomweyo.

Munthu wosamuka salowetsa kabati yaikulu m'galimoto ili chiimire. Amaiphwasula, matabwa paokha, zomangira paokha, n'kuikapo pepala losonyeza kamangidwe kake kuti wolandira akaimikenso. Laibulale ndi kalipentala wa mbali zonse ziwirizo.

Wina angati, bwanji osangolumikiza zilembozo ndekha? Zimayenda bwino mpaka tsiku limene dzina la siteshoni lidzakhale `A&B`. Mu XML chizindikiro cha & chili ndi ntchito yake, chiyenera kulembedwa `&amp;`, apo ayi chikalata chonse chimakanidwa. Tinthu totere tilipo tambiri, n'chifukwa chake anthu amafuna laibulale.

## Wantchito wa pansi: parser

Pansi pa laibulale iliyonse pali parser, pulogalamu imene imawerenga zilembo n'kuzindikira kuti apa tag yatseguka, apa yatsekeka. Njira zake zodziwika zilipo zitatu.

DOM, imene W3C inakhazikitsa mu 1998, imameza chikalata chonse n'kuchimanga m'memory ngati mtengo wa nthambi. Kuli ngati kuyala mapu onse patebulo: mutha kuloza paliponse, kubwerera, kusintha, bola tebulolo likwane. SAX, imene David Megginson anatsogolera m'chaka chomwecho, ili ngati munthu wokuwerengerani kalata mokweza osapuma. Chimene watchula muchigwire pomwepo chifukwa sabwereza. StAX inabwera mu 2004 n'kudzalowa mu Java 6. Nayonso imawerenga pang'onopang'ono, koma woti "pitiriza" ndinu.

Pa chikalata cha mizere 50 kusiyana kumeneku kulibe kanthu. Pa failo ya magigabaiti 2 ndiye nkhani yonse, chifukwa mtengo wa DOM umadya memory yoposa kukula kwa failoyo kangapo. Choncho funso loyenera kuifunsa laibulale ndi lakuti: kodi ingathe kundipatsa `muyeso` umodzi, ndithane nawo, ndiutaye, kenako indipatse wina? JAXB imatha mukailumikiza ndi StAX, ndipo gawo la XML la Jackson linamangidwa pamwamba pa StAX yomweyo.

## Schema, ndi mphambano imene ambiri saiona

Schema ndi chikalata chofotokoza chikalata chinzake: ma element ololedwa ndi ati, abwere motsatana bwanji, ndi ati angasowe, ndi ati angabwerezedwe, ndi ati ayenera kukhala nambala kapena tsiku. Ili ngati fomu yosindikizidwa kale yokhala ndi mipata yoti mudzaze. Simungawonjezepo mpata wanu. Schema yoyamba inali DTD, cholowa cha SGML, imene sinkasiyanitsa nambala ndi mawu. XML Schema, imene ambiri amangoti XSD, inavomerezedwa mu Meyi 2001.

Apa ndi pamene msewu ukupatukira, ndipo ine ndimaona kuti mikangano yambiri ya malaibulale imayambira pompano. Funso lake n'lakuti: mwini wa maonekedwe a chikalatacho ndani?

Nthawi zina mwini wake ndi munthu wina. Banki kapena bungwe la boma lakupatsani XSD n'kunena kuti mauthenga anu azioneka chonchi. Palibe zokambirana. Element imodzi ikangobwera patsogolo pa inzake molakwika, uthenga wabwezedwa. Pamenepa mumayambira pa schema, ndipo chida china chimakupangirani ma class: xjc ku Java, xsd.exe ku .NET, xsdata ku Python. Ma class otuluka mmenemo sakhala okongola, mayina ake ndi aataliatali ndipo ena amangokutira anzawo popanda chifukwa chooneka, koma amasunga pangano. Schema ikasintha, mumawapanganso, simuwakonza pamanja.

Nthawi zina mwini wake ndinu. Muli ndi ma class anu, mukungofuna kusunga mmene zinthu zilili kuti pulogalamu yomweyo idzawerenge mawa. Kaya `siteshoni` ikhale attribute kaya element, palibe amene adandaule. Chimene mukufuna ndi laibulale yosakufunsani mafunso ambiri.

Ndiye pali apakati, amene mwina ndiwo ochuluka: ma class ndi anu ndipo simukufuna kuwasokoneza, XML ndi ya wina ndipo simungaisinthe, mwinanso ilibe n'komwe schema, mwangopatsidwa zitsanzo zitatu. Apa pamafunika mapping, kutanthauza malangizo oti field iyi (kampata ka deta ka m'class) ipite ku attribute iyo. Malangizowo amalembedwa ngati ma annotation, timawu tolangiza toikidwa pamwamba pa ma field, kapena m'failo yapadera.

Munthu wa pa njira yoyamba akamva mnzake akutamanda laibulale yosadziwa schema amadabwa kuti akuganiza bwanji. Wa pa njira yachiwiri akaona mnzake akulimbana ndi xjc amati akudzivutitsa. Onse akulondola pa msewu wawo.

## Mayina aja tsopano

JAXB si laibulale imodzi koma muyezo umene ena amautsatira polemba malaibulale. Mtundu woyamba unatuluka mu 2003, ndipo wa 2.0 wa 2006 ndiwo unabweretsa ma annotation monga `@XmlRootElement` ndi `@XmlAttribute`. Imayenda mbali zonse ziwiri, kuchokera ku schema kapena ku class, ndipo itha kuyesa chikalata ndi XSD pochiwerenga. EclipseLink MOXy, imodzi mwa malaibulale otsatira muyezowu, imalolanso kuika mapping m'failo yapadera. Katundu wa JAXB nayenso alipo: imafuna constructor (code yopangira object yatsopano) yosafuna kupatsidwa kanthu, masiku a `java.time` amafunika adapter yolemba nokha, ndipo `JAXBContext` imachedwa kupangika, moti amene amaipanga pa uthenga uliwonse amadzaona pulogalamu ikukwawa.

XStream, imene anaiyambitsa Joe Walnes, ili kumapeto ena. Mumapanga `new XStream()`, n'kuitana `toXML`, basi mwamaliza. Siifuna annotation kapena schema, imafika ngakhale pa ma field a private, ndipo ma object olozana mozungulira saisokoneza. Mtengo wake umaoneka mukatsegula failoyo: mupeza tag ngati `<com.chitsanzo.Muyeso>`, dzina lonse la class. Mukadzasintha dzina la class chaka chamawa, mafailo akale sawerengekanso, pokhapokha mutaikiratu alias, dzina lina loimira class m'failomo.

Jackson, ya Tatu Saloranta, kwawo ndi ku JSON, koma ili ndi `XmlMapper`. Amene ayenera kutulutsa deta imodzimodzi mu JSON ndi mu XML amaikonda chifukwa class imodzi imatumikira konse. Eni ake sabisa malire ake: inapangidwira oyambira pa class, osati pa schema, ndipo chimene imalonjeza n'chakuti zimene yalemba yokha idzaziwerenganso, osati XML iliyonse ya pa dziko.

Mayina akale monga Castor, JiBX ndi Simple XML mudzawapezabe m'mayankho a zaka zapitazo, koma ntchito yowakonza inazilala. XMLBeans ili ndi mbiri yachilendo: Apache inaipumitsa mu 2014, kenako gulu la Apache POI linaiukitsa mu 2018 chifukwa limaidalira powerenga mafailo a Office.

Ku .NET mphambano yomwe ija ikuonekanso. `XmlSerializer` imakupatsani ulamuliro pa ma attribute ndi ma element, koma imaona za public zokha ndipo siitha ma object ozungulirana. `DataContractSerializer`, imene inabwera mu 2006, imadziwa kusunga kulozana kwa ma object, koma simungaiuze kuti field ikhale attribute. Python ili ndi ElementTree kuyambira mtundu wa 2.5, lxml kwa ofuna liwiro ndi XPath yathunthu (njira yolozera mbali za chikalata), ndi xmltodict imene imangosandutsa zonse kukhala dict, kamtolo ka mayina ndi deta yake. Go imabwera ndi `encoding/xml` yakeyake, malangizo mumalemba pambali pa ma field a struct.

## Pamene object ndi XML sizimvana

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa laibulale siyesedwa ndi chitsanzo choyera chija. Imayesedwa ndi zikalata zenizeni.

Titenge mndandanda. Mu XML mulibe chizindikiro chosonyeza kuti uwu ndi mndandanda, element imangobwerezedwa. Ndiye taonani zimene xmltodict imachita: ikapeza `muyeso` kawiri imakupatsani list, ikaupeza kamodzi imakupatsani dict imodzi. Pulogalamu yanu imayenda miyezi yambiri, kenako tsiku limene siteshoni yatumiza muyeso umodzi wokha, yagwa. Mankhwala ake alipo, `force_list`, koma muyenera kudziwiratu matendawo. Laibulale yokhala ndi class kapena schema siigwa pamenepa chifukwa inauzidwa kale kuti apa pamabwera zambiri.

Kenako pali kusowa kwa mitundu itatu. Element ya `kutentha` ingathe kusakhalapo n'komwe, ingathe kukhalapo yopanda kanthu ngati `<kutentha/>`, kapena ingalembedwe ndi `xsi:nil="true"`. Kwa wotumiza, zitatuzi zingatanthauze zinthu zosiyana. Ngati field yanu ndi nambala wamba imene siingakhale null (chizindikiro choti mulibe kanthu), element yosowa imakusiyirani 0, ndipo lipoti lidzanena kuti kunazizira madigiri 0 pamene zoona zake n'zakuti chipangizo chinali chitafa.

Namespace ndi adiresi yomatidwa pa mayina a ma tag kuti `mutu` wa bungwe lina usasokonezeke ndi `mutu` wa bungwe linzake, monga mmene dzina la bambo limasiyanitsira anthu awiri a dzina limodzi. Kachidule kolembedwa patsogolo pa tag kalibe kanthu, chofunika ndi adiresi imene kakuimira. JAXB imasamala kwambiri zimenezi, ndipo chifukwa imangodumpha ma element amene siikuwadziwa, namespace ikaphonyeka pa ma field mumalandira object yoti zonse m'kati ndi null, popanda dandaulo lililonse. Jackson 2 ili ndi khalidwe losiyana: powerenga imayang'ana dzina lokha osalabadira namespace, koma ikakumana ndi field yachilendo imaima n'kudandaula mpaka mutaiuza kuti isatero.

Palinso malemba osakanikirana ndi ma tag, ngati `<ndime>Kwatentha mpaka <b>40</b> lero</ndime>`. XML inachokera ku dziko la zolemba, choncho zotere ndi zachibadwa kwa iyo, koma class ilibe malo abwino oziika. Ndipo chikalata chikalowa mu object n'kutulukanso, ndemanga ndi mipata yake zimatayika. Nthawi zambiri palibe vuto, koma ngati chikalatacho chinasainidwa pa kompyuta, monga za SAML, siginecha ingathe kusagwirizananso.

## Chitetezo

Zoopsa zilipo za mitundu iwiri, ndipo anthu amazisakaniza.

Yoyamba ili mu parser. XML imalola kutchula chidule, chotchedwa entity, chimene parser imachifutukula ikachipeza. Wachiwembu amalemba chidule chokhala ndi zidule 10 m'kati, chilichonse chokhala ndi zina 10, mpaka magawo 9. Kafailo kosakwana kilobaiti imodzi kamatupa kufika pa mawu biliyoni imodzi, kompyuta n'kukomoka. Chiwembuchi chimadziwika kuti billion laughs. Choopsa kwambiri ndi XXE, pomwe entity imaloza failo ya pa seva yanu, parser n'kuiwerenga mokhulupirika n'kuipereka kwa mlendo. OWASP, bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu, inaika XXE pa nambala 4 pa mndandanda wake wa zoopsa wa 2017. Njira yodzitetezera ndi kuletsa DTD ndi ma entity akunja, ndipo ku Python kuli defusedxml yopangidwira zomwezi. Musaganize kuti laibulale yakuchitirani kale; fufuzani.

Yachiwiri ili mu laibulale yeniyeniyo. Kumbukirani kuti XStream imalemba dzina la class m'chikalata. Ndiye kuti powerenga, chikalata ndicho chimaiuza class yoti ipange. Wotumiza akakhala mdani, amasankha ma class amene akalumikizidwa mwanzeru amayendetsa lamulo lililonse pa seva. Mu Sepitembala 2017 gawo lina la Apache Struts, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, linapezeka ndi bowo lotere, la nambala CVE-2017-9805, chifukwa linkapereka XML ya alendo kwa XStream popanda kusefa. Eni XStream anayesa kwa zaka kulemba mndandanda wa ma class oletsedwa, koma ofufuza ankangopeza ena atsopano, mpaka mu Ogasiti 2021, pa mtundu wa 1.4.18, anatembenuza lamulo: zonse n'zoletsedwa kupatula zimene mwaloleza. Walira mvula walira matope. Ufulu umene umapangitsa laibulale kukhala yosavuta ndi khomo lomwelo limene mbala imalowera. Izi sizikutanthauza kuti XStream ndi yoipa. Kusunga deta yanu pa disiki yanu n'kosiyana ndi kulandira chikalata kuchokera kwa aliyense pa intaneti.

## Laibulale nayo imasamuka

JAXB inkabwera m'kati mwa Java kuyambira mtundu wa 6, moti anthu ankaiona ngati mwala wosasunthika. Java 9 ya 2017 inachenjeza kuti ichotsedwa, ndipo Java 11 ya Sepitembala 2018 inaichotsadi. Mapulogalamu ambirimbiri anadzuka ndi `NoClassDefFoundError: javax/xml/bind/JAXBException`. JAXB sinafe, inangofunika kuitenga padera. Kenako, Java EE, gulu la miyezo limene JAXB inalimo, itasamukira ku bungwe la Eclipse Foundation, dzina la `javax` silinaloledwe kupitirira, ndipo kuyambira mtundu wa 3.0 wa 2020 phukusi lake ndi `jakarta.xml.bind`. Mpaka pano mupeza mapulojekiti amene theka lili pa dzina lakale, theka pa latsopano. XStream nayo inakhudzidwa mwa njira ina: kuyambira Java 16 ndi 17, kusuzumira m'kati mwa ma class a Java yeniyeniyo kunatsekedwa, ndipo zina zimene inkachita mwakachetechete tsopano zimafuna chilolezo cha `--add-opens`.

## Zimene sizinagamulidwe

Pali mafunso amene akatswiri amagawanikabe. Kodi ma annotation a XML aikidwe pa ma class enieni a pulogalamu, kapena pakhale ma class ena ongonyamulira uthenga? Njira yoyamba ndi yaifupi koma imamangirira mtima wa pulogalamu ku maonekedwe a chikalata cha wina. Yachiwiri imapatula zinthu bwino koma imachulukitsa code yokopera deta uku ndi uku.

Nanga chikalata chikabwera ndi element yosadziwika, pulogalamu ikane kapena idumphe? Kukana kumagwira zolakwa msanga, koma kumagwetsa sisitimu yanu tsiku limene mnzanu wangowonjezera kanthu kosavulaza. Kudumpha kumalola mbali ziwiri kukula paokha, koma ndi kumene kunabala object ya ma null ija.

Ma class osasinthika, monga ma record a Java, akufala, pamene malaibulale akale anazolowera kupanga object yopanda kanthu n'kumaidzaza pambuyo. Kodi adzasintha, kapena olemba mapulogalamu azisunga mitundu iwiri ya ma class? Funso lofanana nalo likukhudza reflection, njira imene laibulale imaphunzirira class pulogalamu ikuyenda: zida monga native image ya GraalVM zimafuna kudziwiratu zonse pomanga, zimene zikukokera anthu ena ku malaibulale olemberatu code yosandutsira. XSD 1.1 inavomerezedwa mu 2012, koma zida zambiri zopangira ma class zikadali pa 1.0, ndipo sizikudziwika ngati zidzafikako.

Ndipo pali funso la anthu. Zambiri mwa zida zimenezi zimasamalidwa ndi anthu ochepa, ena mongodzipereka. Mu 2025 amene ankasamalira libxml2, parser imene lxml ndi mapulogalamu osawerengeka amaimirapo, analengeza kuti akutula pansi udindowo. Mabanki, maofesi ndi masisitimu olowera adzakhala akutumizirana XML kwa zaka zambiri, pamene olemba mapulogalamu atsopano ambiri amaphunzira JSON yokha. Bowo lotsatira likadzapezeka mu parser imene aliyense akuidalira, adzalitseke ndani, ndipo adzamulipire ndani?